Malamulo a madzi pa chilala ku mitsinje ya Scott ndi Shasta

Mu Agosto 2021, pa nthawi ya chilala chachikulu, boma la California m'dziko la America linakhazikitsa malamulo apangozi oyendetsera madzi a mitsinje ya Scott ndi Shasta. Malamulowa ali ndi mbali ziwiri zikuluzikulu. Mbali yoyamba imatchula kuchuluka kwa madzi amene ayenera kutsala mumtsinje mwezi uliwonse, ndipo madzi akatsika kupitirira mlingowo alimi amalamulidwa kutseka ngalande ndi kuzimitsa makina opopera madzi. Mbali yachiwiri imaletsa kumwetsa ziweto m'njira yotaya madzi ambiri m'miyezi imene nsomba za salimoni zimakwera mtsinje kukaikira mazira.

Ng'ombe siziletsedwa kumwa. Lamulo likulimbana ndi madzi amene amatayika panjira, kuchokera pamene apatutsidwa mumtsinje mpaka pamene chiweto chikumwera. Nkhaniyi yakhala ikuyambanitsa alimi a ng'ombe, mitundu ya anthu amene akhala akudya nsombazi kuyambira kalekale, asodzi a kunyanja ndi boma.

Kumene kuli mitsinjeyi

Scott ndi Shasta ndi mitsinje ya m'dera la Siskiyou, kumpoto kwenikweni kwa California, pafupi ndi malire a chigawo cha Oregon. Uliwonse ndi wautali makilomita osakwana pang'ono 100, ndipo yonse iwiri imathira mumtsinje wa Klamath. Mtsinje wa Klamath umayambira ku Oregon, umayenda makilomita oposa 400 n'kukathira m'nyanja yamchere ya Pacific.

M'zigwa za mitsinje iwiriyi mumakhala alimi oweta ng'ombe zanyama. Iwo amalima msipu wothirira, udzu wa alfalfa umene amauumitsa kuti adyetse ziweto, komanso mbewu monga tirigu ndi balere. M'chigwa cha Scott muli matauni ang'onoang'ono a Fort Jones ndi Etna, pomwe Yreka ndi Montague ali kuchigwa cha Shasta.

Mvula ndi chipale chofewa zimagwa kuyambira Novembro mpaka cha mu Março, ndipo imeneyi ndiyo miyezi yozizira kumeneko. Kuyambira Junho mpaka Setembro kumatentha kwambiri ndipo mvula sigwa kwenikweni. Mbewu ndi msipu zimakula m'miyezi yotenthayo, choncho ulimi wonse umadalira kuthirira.

Mtsinje wa Scott umadalira chipale chimene chimaunjikana m'mapiri n'kumasungunuka pang'onopang'ono. Chaka chimene chipale chachepa, mtsinjewu umaphwa msanga ndipo m'malo ena umaduka, n'kutsala maiwe okhaokha. Mtsinje wa Shasta umalandira madzi ozizira a akasupe ochokera pansi pa phiri la Shasta, lotalika mamita oposa 4,300. Akasupe otchuka ndi a Big Springs, amene amatumphuka chaka chonse.

Moyo wa nsomba ya salimoni

Salimoni, imene pa Chipwitikizi amati salmão, imabadwira mumtsinje, imakakulira kunyanja yamchere, kenako imabwerera kumtsinje womwe inabadwira kuti ikaikire mazira. Fungo la madzi ndi limene limaithandiza kuzindikira mtsinje wakwawo. Ikalowa mumtsinje imasiya kudya ndipo imayenda ndi mafuta amene inasunga m'thupi. Yaikazi imakumba kadzenje ndi mchira pamalo a timiyala, imaikira mazira, yaimuna imawathira mbewu, ndipo yaikazi imawakwirira ndi timiyala tomweto. Zikamaliza ntchitoyi nsomba zonse ziwiri zimafa.

Anthu a m'mbali mwa nyanja ya Niassa, imene ku Malawi amaitcha nyanja ya Malawi, amadziwa khalidwe lofananalo pa mpasa ndi sanjika. Mpasa zimachoka kunyanja n'kukwera mitsinje monga Bua ndi Linthipe kukaikira mazira pa timiyala. Mpasa si mbale wake wa salimoni, koma zonse zimafuna mtsinje wosaduka, madzi oyera ndi timiyala topanda matope.

Mu Scott ndi Shasta mumalowa mitundu iwiri ya salimoni. Ya Chinook ndi yaikulu ndipo imafika kuyambira Setembro mpaka Novembro. Tiana take timatsikira kunyanja m'miyezi yoyambirira titaswa. Ya coho imafika mochedwerapo, kuyambira Novembro mpaka Janeiro, ndipo tiana take timakhala mumtsinje chaka chathunthu, kuphatikizapo miyezi yotentha pamene alimi akuthirira. Palinso nsomba ya steelhead, yomwenso imayenda pakati pa mtsinje ndi nyanja.

Coho zambiri zimabwerera zili ndi zaka zitatu. Tiana ta chaka chimodzi tikafa chifukwa mtsinje wauma, pakatha zaka zitatu nsomba zobwerera zimakhala zochepa, ndipo mzera wa chaka chimenecho umavutika kuchira. Boma la America linaika coho za m'derali pa mndandanda wa zamoyo zimene zili pangozi yotha mu 1997, ndipo California inachita chimodzimodzi mu 2005. Kale nsomba zinali zambiri: mu 1931 anawerenga Chinook zoposa 80,000 zikukwera mtsinje wa Shasta wokha.

Mmene kuchepa kwa madzi kumaphera nsomba

Madzi akachepa, nsomba zikuluzikulu zimalephera kudutsa pamalo osaya. Zimaunjikana m'maiwe a kumunsi kudikira mvula, kwinaku mafuta a m'thupi akutha. Zina zimaikira mazira pamalo osayenera, pamene madzi osefukira amadzawakokolola. Mu 2020 Chinook zambiri zinalephera kufika kuchigwa cha Scott, komwe kuli timiyala tabwino, ndipo zinaikira mazira kumunsi m'chigwembe cha miyala.

Madzi ochepa amatenthanso msanga. Salimoni ndi nsomba za m'madzi ozizira, ndipo kutentha kukadutsa madigiri 20 zimayamba kufooka. M'madzi ofunda mpweya umachepa ndipo matenda amafala mwachangu. Mu Setembro 2002 salimoni zikuluzikulu zosachepera 33,000 zinafera kumunsi kwa mtsinje wa Klamath zisanaikire mazira, chifukwa zinapanikizana m'madzi ochepa ndi ofunda mpaka matenda anazigwira.

Mazira nawonso amafuna madzi oyenda pamwamba pake kwa milungu yambiri. Mtsinje ukatsika nsomba zitaikira kale, zisa za m'mphepete zimauma ndipo mazira amafa. Ichi n'chifukwa chake malamulo amafuna madzi ochuluka m'miyezi yozizira, ngakhale kuti m'miyezi imeneyo alimi sathirira.

Amene ali ndi ufulu wotunga madzi

Ku California ufulu wambiri wopatutsa madzi umatsata zaka. Amene anayamba kugwiritsa ntchito madzi kale ndiye woyamba kulandira, ndipo madzi akachepa wobwera pambuyo ndiye woyamba kutsekeredwa. Ufulu umenewu umapita ndi munda, moti mabanja ena ali ndi ufulu wa m'zaka za m'ma 1800. Makhoti anagawa madzi a Shasta mu 1932 ndipo a Scott mu 1980. Magawidwewo analinga kwambiri pothetsa mikangano ya alimi okhaokha. Pa mtsinje wa Shasta palinso damu la Dwinnell, lomangidwa mu 1928, limene limasunga madzi a ulimi.

M'zaka zapambuyo alimi ambiri a m'chigwa cha Scott anakumba zitsime zakuya n'kuikamo makina opopera. Madzi a pansi pa nthaka m'chigwachi ndi olumikizana ndi mtsinje, kotero kupopa kwambiri kumatsitsa mtsinje ngakhale palibe amene wapatutsa madzi m'mbali mwake. Mu 2018 khoti la apilo la California linagamula, pa mlandu wokhudza mtsinje wa Scott, kuti boma lili ndi udindo woganizira mtsinje ndi nsomba zake pamene anthu akupopa madzi a pansi olumikizana nawo.

Mmene malamulo a 2021 anabwerera

Chilala cha 2020 mpaka 2022 chinali chimodzi mwa zoopsa kwambiri m'mbiri ya California. Pa 10 Maio 2021 bwanamkubwa Gavin Newsom analengeza za ngozi ya chilala m'madera a mtsinje wa Klamath ndi madera ena ambiri. Chilengezochi chinapatsa mphamvu bungwe loona za madzi la State Water Resources Control Board kuti likhazikitse malamulo apangozi mosadikira ndondomeko yaitali.

Nthambi ya boma yoona za nsomba ndi nyama zakutchire inapereka milingo ya madzi ochepetsetsa amene nsomba zingapulumukire nawo. Mtundu wa Karuk nawo unapempha bungweli kuti liike mlingo wa madzi otsala mumtsinje wa Scott. Bungweli linavomereza malamulowa pa 17 Agosto 2021, ndipo anayamba kugwira ntchito pa 30 Agosto. M'mwezi wa Setembro makalata olamula kutseka madzi anapita kwa alimi a m'zigwa zonse ziwiri.

Lamulo lapangozili linkagwira ntchito chaka chimodzi, kenako linkayenera kuvomerezedwanso. Linavomerezedwanso mu 2022, linatha mphamvu pakati pa 2023, ndipo bungwe linalibwezeretsa mu Dezembro chaka chomwecho. Linayambanso kugwira ntchito mu Fevereiro 2024.

Mlingo wa madzi otsala mumtsinje

Madzi amayezedwa pa malo awiri: pafupi ndi Fort Jones pa mtsinje wa Scott, ndi pafupi ndi Yreka pa mtsinje wa Shasta. Zipangizo zoyezera zimatumiza manambala usana ndi usiku, ndipo aliyense angathe kuwaona pa intaneti. Ku America amayeza ndi mlingo wa cfs, ndipo cfs imodzi ndi malita pafupifupi 28 odutsa pa sekondi iliyonse.

Pa mtsinje wa Scott ina mwa milingo yake ndi iyi:

Janeiro mpaka Março: 200 cfs, malita pafupifupi 5,700 pa sekondi
Abril ndi Maio: 150 cfs, malita pafupifupi 4,200 pa sekondi
Julho: 50 cfs, malita pafupifupi 1,400 pa sekondi
Agosto: 30 cfs, malita pafupifupi 850 pa sekondi
Setembro: 33 cfs, malita pafupifupi 930 pa sekondi
Outubro: 40 cfs, malita pafupifupi 1,100 pa sekondi
Novembro: 60 cfs, malita pafupifupi 1,700 pa sekondi
Dezembro: 150 cfs, malita pafupifupi 4,200 pa sekondi

Mlingo wa Agosto, umene ndi wotsikitsitsa, ukufanana ndi madiramu anayi a malita 200 odutsa pa sekondi iliyonse. Pa mtsinje wa Shasta mlingo wa miyezi yotentha ndi 50 cfs, ndipo umakwera kuyambira Setembro pamene Chinook zayamba kulowa.

Madzi akatsika kupitirira mlingo wa mweziwo, bungwe limatsekera alimi motsata zaka za ufulu wawo, kuyambira obwera pambuyo. Madzi akapanda kukwera limatsekeranso a zaka zakale, ndipo pa Scott zafikapo potsekera onse. Mvula ikagwa mtsinje n'kukwera, bungwe limaimitsa kaye lamulo lotsekalo ndipo alimi amatsegulanso. Kutsekaku kumakhudza ngalande komanso zitsime zothiririra. Akuluakulu a zansomba amanena kuti milingoyi ndi yongopulumutsa nsomba pa chilala, si yokwanira kuzichulukitsa.

Lamulo la kumwetsa ziweto

M'zigwazi ntchito yothirira imatha cha mu Setembro kapena Outubro, koma ngalande zambiri zinkapitiriza kuyenda kuti ng'ombe zizimwa. Ngalandezi ndi zokumba m'dothi, zopanda simenti, ndipo zina n'zotalika makilomita ambiri. Kuti madzi afike kwa mlimi wa kumapeto, pamafunika kupatutsa ochuluka kumtsinje, chifukwa ambiri amalowa pansi panjira ndipo ena amauma. M'nyengo yozizira pamafunikanso madzi othamanga kuti ngalande isaundane.

Miyezi imeneyi ndi yomwe Chinook ndi coho zimakwera, mtsinje uli wotsika ndipo mvula isanagwe mokwanira. Choncho lamulo la 2021 linaletsa kumwetsa kotaya madzi kuyambira 1 Setembro mpaka 31 Janeiro. Mu 2022 nthawiyi inatalikitsidwa mpaka 31 Março, pofuna kuteteza mazira ndi tiana tongoswa kumene.

Lamulo limalongosola tanthauzo la kutaya madzi. Mlimi amene akupatutsa mumtsinje madzi opitirira kakhumi pa amene ziweto zake zikufunikira, ameneyo akutaya. Madziwo amayezedwa pamene akuchoka mumtsinje, osati pamene chiweto chikumwera. Pa kuwerengera zosowa za chiweto patsiku, malamulo a California amagwiritsa ntchito manambala awa:

Ng'ombe yamkaka: malita pafupifupi 114
Ng'ombe yanyama kapena kavalo: malita pafupifupi 57
Mbuzi kapena nkhumba: malita pafupifupi 9.5
Nkhosa: malita pafupifupi 5.7

Mwachitsanzo, mlimi wa ng'ombe zanyama 100 amafunika malita 5,700 patsiku. Lamulo limamulola kupatutsa mpaka malita 57,000, podziwa kuti njira iliyonse imataya madzi ena. Koma kangalande kakang'ono kotenga cfs imodzi yokha kamachotsa mumtsinje malita oposa 2,400,000 patsiku, omwe ndi ochuluka kuwirikiza ka 400 pa zimene ng'ombe 100 zingamwe. Ngalande zoterezi zikakhala zambiri, mtsinje wochepa kale umatha kuduka.

Njira zina zomwetsera zimene alimi amagwiritsa ntchito ndi mapaipi m'malo mwa ngalande, zitsime zazing'ono za makina oyendera magetsi kapena dzuwa, matanki ndi zomwera za simenti kapena zachitsulo, kusamutsira ng'ombe kumsipu wapafupi ndi madzi, ndiponso kututa madzi pa galimoto. Zomwera zina zimakhala ndi chotsekera chimene chimaimitsa madzi zikadzaza. M'malamulo a pambuyo pake bungwe linaikamo njira zololera ngalande kutsegulidwa pamene mtsinje uli ndi madzi okwanira ndipo nsomba zikudutsa bwino.

Zimene sizitsekedwa

Ngakhale pamene onse atsekeredwa, madzi ena amaloledwabe. Banja lingathe kutunga madzi akumwa, kuphikira ndi ukhondo, mpaka malita pafupifupi 208 pa munthu patsiku. Madzi ozimitsira moto amaloledwa, chifukwa derali limavutika ndi moto wolusa m'nkhalango. Madzi okwanira kumwetsa ziweto nawonso amaloledwa, bola mlimi alembere bungwe kuchuluka kwa ziweto zake ndi madzi amene akutunga.

Lamulo linatsegulanso khomo la mapangano a m'deralo. Mlimi kapena gulu la alimi angathe kupereka ndondomeko yawo yochepetsera madzi, ndipo bungwe likaivomereza satsekeredwa kotheratu. Mu 2022 alimi ambiri a zitsime m'chigwa cha Scott anavomera kuchepetsa madzi opopa ndi 30 peresenti. Ena anasiya kuthirira minda ina, ena anachepetsa maulendo odula alfalfa, ndipo ena anasintha zipangizo zothiririra kuti zisamwaze madzi ambiri. Ubwino wake kwa mlimi ndi woti amadziwiratu madzi amene akhale nawo nyengo yonse, kusiyana ndi kutsekeredwa mwadzidzidzi mbewu zili m'munda.

Madandaulo a alimi

Alimi a ng'ombe amati malamulowa anawapweteka pa nthawi imene anali kale pamavuto. Msipu unauma, mtengo wa udzu wogula unakwera, ndipo ena anagulitsa ng'ombe zimene akanasunga. Kukumba chitsime, kukoka magetsi ndi kuyala mapaipi kumafuna ndalama zambiri, ndipo pa chilala okumba zitsime amakhala ndi ntchito yochuluka.

Iwo amatsutsanso mawu oti madzi a m'ngalande amatayika. Amati madzi olowa pansi amadzaza nkhokwe ya pansi pa nthaka, amathandiza zitsime za pakhomo, ndipo ena amabwerera mumtsinje pambuyo pake. Akatswiri a madzi amavomereza kuti ngalande zimathandizadi kudzaza madzi a pansi. Yankho la oteteza nsomba n'loti nkhani yagona pa nthawi: madzi opatutsidwa mu Outubro amasowa mumtsinje pa milungu yeniyeni imene nsomba zikufuna kudutsa, ngakhale atadzabwerera mwezi wina. Pachifukwa ichi m'chigwa cha Scott ayesapo kulowetsa madzi pansi mwadala m'miyezi imene mtsinje wadzaza.

Alimi ena amanenanso kuti chaka chouma kwambiri mtsinje wa Scott sungafike pa mlingo wolamulidwa ngakhale onse atatseka, komanso kuti nsomba zimaphedwa ndi zinthu zina monga madamu, matenda ndi kusintha kwa nyanja.

Zimene zinachitika mu Agosto 2022

Mkangano unafika pachimake mu Agosto 2022. Gulu la alimi la Shasta River Water Association, lokhala ndi mamembala pafupifupi 80, linayatsa makina ake opopera ngakhale linali litalamulidwa kutseka. Alimiwo anati maiwe omwetsera ng'ombe anali atauma ndipo sakanatha kudikira. Anapopa masiku 8, ndipo madzi a mumtsinje wa Shasta anatsika ndi kupitirira theka, Chinook zitatsala pang'ono kufika.

Chindapusa chachikulu chimene lamulo linkalola nthawi imeneyo chinali madola 500 patsiku. Gulu lonse linalipitsidwa madola 4,000, kutanthauza madola pafupifupi 50 pa mlimi mmodzi. Mitundu ya Karuk ndi Yurok pamodzi ndi mabungwe oteteza chilengedwe anadandaula kuti kuswa lamulo kunali kotsika mtengo kusiyana ndi kugula udzu kapena kututa madzi. Mu 2024 aphungu a California anakhazikitsa lamulo lotchedwa AB 460, limene linakweza chindapusa cha wonyozera lamulo lotseka madzi kufika pa madola 10,000 patsiku, kuphatikizapo ndalama ina yowerengera kuchuluka kwa madzi amene watunga.

Amene amadalira nsombazi

M'mbali mwa Klamath mumakhala mitundu ya anthu amene analipo Azungu asanafike. A Yurok ali kumunsi pafupi ndi nyanja, a Karuk ali chapakati, ndipo m'chigwa cha Scott muli malo a anthu a Quartz Valley. Kwa iwo salimoni ndi ndiwo, chuma ndiponso mbali ya miyambo yachipembedzo. Nsomba zitachepa, mabanja ambiri anasiya kupeza chakudya chimene makolo awo ankadya pafupifupi tsiku lililonse, ndipo a Yurok akhala akuimitsa usodzi wawo wogulitsa m'zaka zambiri zapitazi.

Asodzi a kunyanja yamchere nawo amakhudzidwa. Boma limawerengera nsomba zoti zigwidwe potengera zimene zikuyembekezeka kubwerera ku Klamath ndi ku mtsinje wa Sacramento. Tiana tobadwa m'zaka za chilala titafa tambiri, usodzi wogulitsa salimoni unatsekedwa m'nyanja ya California mu 2023, 2024 ndi 2025. Madzi opatutsidwa m'chigwa cha kumapiri amakhudza motero msodzi wokhala makilomita mazanamazana kutali.

Pakati pa 2023 ndi 2024 madamu anayi a magetsi pa Klamath anagwetsedwa: J.C. Boyle, Copco 1, Copco 2 ndi Iron Gate. Mu Outubro 2024 Chinook zinaoneka kumtunda ku Oregon, kumene sizinafike kwa zaka zoposa 100. Kugwetsa madamuwa sikunawonjezere madzi mu Scott ndi Shasta, popeza mitsinje iwiriyi imathira kumunsi kwa pamene panali madamuwo. Bungwe loona za madzi layamba ntchito yokonza milingo yokhazikika, kuti mitsinjeyi isamadalire malamulo apangozi a chaka ndi chaka.

Kufanana kwake ndi lamulo la madzi la Mozambique

Ku Mozambique madzi ndi a boma, malinga ndi Lei de Águas, lamulo nambala 16/91 la pa 3 Agosto 1991. Lamuloli limagawa kagwiritsidwe ntchito ka madzi pawiri. Kumwa, ntchito za pakhomo, kumwetsa ziweto ndi kuthirira dimba laling'ono popanda makina ndi ntchito wamba, zosafuna chilolezo kapena malipiro, ndipo zimakhala patsogolo pa zina zonse. Kutunga madzi ambiri, monga kwa minda ikuluikulu ndi makampani, kumafuna chilolezo cha mabungwe a ARA amene amayang'anira mitsinje m'zigawo. Lamuloli limanenanso kuti chilolezo chisaperekedwe ngati chikulanda madzi ofunika kuteteza chilengedwe.

Malamulo onse awiri amaika munthu ndi chiweto patsogolo. Kusiyana kwake n'koti ku Scott ndi Shasta gawo la mtsinje linalembedwa m'manambala mwezi ndi mwezi, pali zipangizo zoyezera zimene aliyense angaone, ndipo madzi a ziweto amawerengedwa kuyambira pamene achoka mumtsinje. M'madera a ulimi wa m'madimba monga Angónia ndi Tsangano, kumene ngalande zokumba ndi motobomba zimagawana timitsinje tomwe ng'ombe zimamwera, funso lake ndi lomwelo mvula ikavuta ngati mu nyengo ya 2023 ndi 2024: madzi angati afike kumunda ndi kukhola, angati atayike panjira, ndipo angati atsale kwa midzi ya kumunsi ndi nsomba.